Mpira wa pulasitiki kapena wa reactive resin panjira ya mafuta

Anzanga a ku Highfield ndi Mufakose mu Harare amene mwayamba kukonda bowling, masewera ogubuduza mpira kuti ugwetse mapini khumi, musanatulutse madola anu kugula mpira wanuwanu, yambani mwaganizira za mafuta. Njira ya bowling ndi yotalika mamita 18 kukafika pa pini yoyamba, ndipo kawirikawiri amapaka mafuta mamita pafupifupi 12 oyambirira. Kotsalako kumakhala kouma.

Mpira wa pulasitiki sulabadira zimenezi. Umangopita molunjika, kaya pamafuta kaya pouma. Ndi wotsika mtengo, ndipo pogwetsa pini ya nambala 10 ikatsala yokha pakona yakumbuyo kumanja, palibe wouposa.

Wa reactive resin, umene unabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndi nkhani ina. Khungu lake lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timamwa mafuta. Ukadali watsopano umaterera pamafuta, koma ukangofika pouma umagwira pansi n'kukhota mwamphamvu, kukalowa pakati pa pini 1 (yakutsogolo) ndi pini 3 (yotsatira kumanja kwake) ngati mumaponya ndi dzanja lamanja. Pamenepo m'pamene mapini onse amagwa kamodzin'kamodzi. Koma umafuna chisamaliro. Ukamabwerera mudzaona mizere ya mafuta itauzungulira, ndipo mukamachita ulesi kuupukuta ndi kansalu, mphamvu yokhota ija imayamba kuchepa. Komanso njira ikauma chifukwa anthu aponyerapo tsiku lonse, umakhota msanga n'kuphonya.

Ineyo ndimalangiza ophunzira kuti ayambe ndi wa pulasitiki mpaka dzanja lizolowere. Amene mwafika popotoza mpira, gulani wa reactive, ndipo auboole molingana ndi zala zanu.