Kilampu ya quick release pa tripod yakale: ndemanga yanga patatha miyezi isanu ndi iwiri

Kilampu iyi, chipangizo chomangira ndi kumasulira kamera mwachangu pa tripod (chitsulo cha miyendo itatu choimikapo kamera), ndaipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Ndinachita dala kudikira miyezi isanu ndi iwiri ndisanalembe, chifukwa chitsulo chonyamula kamera sungachidziwe pa tsiku loyamba. Umachidziwa chikadutsa m'fumbi la Okutobala, m'mvula ya Januwale, ndi m'maukwati angapo omwe manja amakhala ali thukuta lokhalokha.

Tripod yanga ndi yakale kwambiri. Ndinapatsidwa ndi malume anga omwe ankajambula zithunzi ku Zomba nthawi ya mafilimu, ndipo iwo anaigula m'zaka za m'ma 1980. Ndi ya ku Japan, ya aluminiyamu wokhuthala, yolemera moti ukaisenza kuchokera ku depoti phewa limamva. Mutu wake uli ndi chogwirira chachitali chotembenuzira kamera, ndipo mutuwo suchoka, anaumangirira limodzi ndi msana wa pakati. Ma tripod atsopano omwe thumba langa lingakwanitse ndinawayesa. Ndi opepuka, mitu yake ndi ya pulasitiki, ndipo ku Senga Bay mwera ukayamba kuwomba mu Julayi amanjenjemera ngati bango. Ya malumeyi ukaiimika yaima basi.

Vuto lake linali limodzi lokha: kumanga ndi kumasula kamera. Pansi pa thebulo la mutu, limene kamera imakhalapo, pali kagudumu kakang'ono kamene umapotokola ndi zala kuti sikuluwu ilowe m'kamera. Kumasula kunkanditengera nthawi, koma kubwezera ndiye kunali kowawa, chifukwa bowo la pansi pa kamera suliona, umangolifufuza ndi dzanja limodzi uku lina litagwira kamera ndi lenzi yolemera. Anzanga ojambula maukwati mukudziwa mmene zimakhalira m'tchalitchi. Nthawi ya malumbiro kamera imafunika ikhale pa tripod, koma abusa akangoti "tsopano ndinu banja", zonse zimachitika kamodzi. Pa ukwati wina chaka chatha agogo a mkwatibwi, mayi wokalamba woyendera ndodo, anadzuka n'kuyamba kululutira, kenako anataya ndodoyo n'kukumbatira mdzukulu wawo. Ine ndinali nditawerama, zala zili pansi pa thebulo, ndikupotokola kagudumu. Chithunzi chimenecho sichinajambulidwe ndipo sichidzajambulidwanso. Chinandipweteka mtima masabata angapo, ndipo ndi chimene chinandipangitsa kufunafuna njira.

Chimene ndinagula ndi kilampu ya aluminiyamu ya mamilimita 60, ya mtundu umene ojambula amautcha Arca-Swiss. Ndinene momveka kuti si ya kampani ya Arca-Swiss yeniyeniyo. Yangayi ilibe dzina la wopanga, ndinaiitanitsa pa intaneti ndipo msuweni wanga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Kampani ya Arca-Swiss inayambira ku Switzerland ndipo pano ili ku Besançon m'dziko la France. Ndiyo inayambitsa puleti ya mamilimita pafupifupi 38 m'lifupi, yokhala ndi m'mbali mosongoka mopendekera madigiri 45, ndipo makampani ambiri anatengera kapangidwe kameneko. Puletiyo imakhala yomangidwa pansi pa kamera nthawi zonse, kilampu imakhala pa tripod, ndiye ukafuna kuika kamera umangolowetsa puleti pakati pa nsagwada ziwiri za kilampu n'kumanga. M'phukusi munali kilampu, puleti imodzi, Allen key, ndi kachitsulo kakang'ono kamazinga kunja ndi m'kati komwe.

Ndinasankha kilampu yomanga ndi chopotokola osati ya chogwetsa, kamkono kamene umangokagwetsa kamodzi n'kutseka, ndipo sindikudandaula. Palibe lamulo lokakamiza opanga onse kuti mapuleti awo akhale ofanana ndendende, choncho ena amasiyana ndi kachidutswa ka milimita. Chopotokola chimatseka mpaka pamene puleti yagwira, kaya ndi yopyapyala pang'ono kaya yonenepa pang'ono, pomwe ya chogwetsa imafuna kuikonza kaye ukasintha puleti. Mnzanga wina amagwiritsa ntchito ya Manfrotto, ija ya RC2 yokhala ndi puleti ya 200PL, ndipo amaikonda chifukwa kamera imangolowa n'kumveka kuti "khethe". Ndi yabwino ndithu, koma dziwani kuti puleti ya 200PL yachizolowezi siilowa m'kilampu ya mtundu wa Arca, ndi mabanja awiri osiyana. Sankhani banja limodzi musanayambe kugula mapuleti.

Tsopano nkhani ya mazinga, imene ndikupempha kuti muiwerenge modekha chifukwa apa ndi pamene anthu amawonongera makamera. Sikuluwu imene imalowa pansi pa kamera ndi ya muyezo wa mainchesi, imatchedwa 1/4-20, kutanthauza kuti kunenepa kwake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a inchi ndipo pa inchi iliyonse pali mazinga 20. Palinso ina yokulirapo, 3/8-16, imene nthawi zambiri imalumikiza mutu ndi miyendo ya tripod. Bowo la pansi pa kilampu yangayi ndi la 3/8, pomwe sikuluwu ya tripod ya malume ndi ya 1/4. Kachitsulo kakang'ono ndanena kaja ntchito yake ndi imeneyi: umakalowetsa m'bowo lalikululo, ndiye sikuluwu yaing'ono imapeza pogwira. Musanalipire, funsani ngati kali m'phukusi. Kakabwera, musakataye, chifukwa kuno kwathu si kapafupi kukapeza.

Ndipo chinthu chikasowa, kaya ndi kachitsuloko kaya sikuluwu ya puleti, musathamangire ku hadiweya kukatenga bawuti ya M6 poti ikuoneka yofanana. Ndi maso zimafananadi. Koma M6 ndi mamilimita 6 ndipo mazinga ake amatalikirana milimita imodzi, pomwe 1/4-20 ndi mamilimita 6.35 ndipo mazinga amatalikirana mamilimita 1.27. Bawuti ya M6 imalowa kamodzi kapena kawiri kenako n'kulimba, ndipo munthu amaganiza kuti ndi dzimbiri chabe n'kuikakamiza ndi sipanala. Ndinaonapo kamera imene mazinga ake a pansi anatheratu motere, mwini wake mpaka lero amaigwira m'manja basi. Onaninso kutalika kwa sikuluwu ya puleti. M'mabuku a makamera a Sony amalemba kuti isafike mamilimita 5.5, chifukwa yotalika kuposa apo imakagunda pansi pa bowo puleti isanagwire bwino, ndipo ukaikakamiza umawononga kamera. Imene inabwera ndi puleti yanga inali bwinobwino.

Kuiika pa tripod ndinkayesa ndi ntchito ya mphindi zisanu, koma inanditengera madzulo awiri. Choyamba, thebulo la mutu wakalewu ndi lotambalala, ndiye chopotokola cha kilampu chinkakhula pa thebulolo. Ndinayenera kuitembenuza mpaka chopotokolacho chitatulukira kunja kwa thebulo, kumbali ya kumanzere, kutali ndi chogwirira. Zitatero panabuka china chimene sindinachiganizireko. Kilampu ikakhala choncho, ngalande yake imaloza kutsogolo ndi kumbuyo. Zimenezi n'zoyenera lenzi yanga yaitali ya 70-200, imene ili ndi phazi lakelake lomangirapo puleti. Koma puleti ya pansi pa kamera nthawi zambiri imagona chopingasa, ndiye ndikaika kamera yokhala ndi lenzi yaifupi inkayang'ana kumbali. Pa mutu wa mpira, umene umazungulira mbali zonse, zimenezi si nkhani, umangotembenuza. Pa mutu wa chogwirira ngati wangawu ndi nkhani yaikulu, chifukwa ukaweramitsa chogwirira kamera imapendekera m'mbali m'malo moyang'ana pansi. Ndinagula puleti yachiwiri yaifupi n'kuimanga pansi pa kamera moloza kutsogolo. Mwamwayi kumanga motere kunasiyanso chitseko cha batire chili poyera, pomwe puleti yaitali ija inkachitseka.

Chachiwiri chinali kuterereka. Labala wa pa thebulo, patatha zaka pafupifupi 40, anauma n'kusalala ngati galasi. Ngakhale ndimange bwanji kagudumu, kilampu inkatembenuka pang'onopang'ono, makamaka ndikagoneka kamera chammbali kuti ndijambule chithunzi choimirira, lenzi inkayamba kugwera pansi yokha. Ndinapala labala yense wakaleyo ndi mpeni, ndinatsuka thebulo ndi sipiriti, kenako ndinadula kachidutswa ka chubu cha njinga n'kukaboola pakati. Chubucho chikhale chimodzi chokha, osapinda kawiri, chifukwa mukachulutsa sikuluwu imatsala ndi mazinga ochepa ogwira. Pa kachitsulo kamazinga kaja ndi pa sikuluwu ndinadonthezapo mankhwala omanga mazinga, Loctite 243, ya buluu. Ya buluu imalola kuti tsiku lina udzamasule ndi zida wamba. Yofiira, monga 271, imafuna kutenthetsa kuti imasuke, ndiye musaiyandikize pa zinthu za kamera. Dontho limodzi likukwana, ndipo lisagwere pa pulasitiki chifukwa mitundu ina imang'aluka nalo. Pomaliza ndinakulunga kagudumu ndi kansalu n'kukamanga pang'ono ndi pulayala, kenako ndinaisiya usiku wonse. Kuyambira tsiku limenelo kilampu sinasunthepo.

Pa ntchito yeniyeni, kusintha kwake n'kwakukulu kuposa mmene ndinkayembekezera. Kuchotsa kamera tsopano ndi masekondi atatu kapena anayi, kubwezera chimodzimodzi, ndipo sindiweramanso. Pa perekaniperekani ndimaika kamera pa tripod kujambula vidiyo ya akwati atanyamula mbale, ndipo gulu la akuchikazi likangolowa ndi nyimbo yawo ndimaichotsa n'kulowa nawo m'kati mwa gule. Akamaliza ndimaibwezera, ndipo imakhala pamalo pomwe inali, osafuna kuyambanso kulunjika. China chimene ndachikonda n'choti mazinga a pansi pa kamera sakudyekanso, popeza puleti imangokhala pomwepo, sindimanga ndi kumasula kakhumi pa tsiku ngati kale. Ikamangidwa bwino imagwira ngati chitsulo chimodzi, ngakhale ndi lenzi yaitali sindimva kugwedera kulikonse.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa izi. Pansi pa puleti pali tisikuluwu tiwiri tating'ono totchinga kuti kamera isatsetsereke n'kutuluka kilampu ikamasuka pang'ono. Tinabwera tosamangidwa bwino, ndipo kamodzi kanagwa sabata yachiwiri, ndinakapeza pansi pa chikwama. Wopanga akanayenera kutimanga kapena kuchenjeza, chifukwa ndi timeneti timene timapulumutsa kamera. Mukangolandira phukusi, timangeni ndi kadontho ka buluu kaja. Kamadzi koonera ngati kamera yaima mowongoka anakaika pamalo poti kamera ikangokhala kamabisika, ndiye ntchito yake ndi yochepa. Girizi wa m'chopotokola ndi womata kwambiri, m'chilimwe anakoka fumbi mpaka ndinkamva mchenga ndikamapotokola. Ndinatsuka ndi mswachi wakale n'kupaka mafuta ochepa a makina osokera, ndipo pano chikuyenda bwino. Utoto wakuda wa m'mphepete mwa nsagwada wayamba kuyera, koma zimenezo sizisokoneza ntchito.

Pali ngozi imodzi imene ndikufuna aliyense aidziwe, ndipo iyi si vuto la kilampu yangayi yokha, ndi ya mtundu wonsewu. Ukamathamanga, puleti ikhoza kulowa mbali imodzi yokha, mbali inayo n'kukhala pamwamba pa nsagwada. Chopotokola chimalimba ndithu, iwe n'kuganiza kuti wamanga. Zinandichitikira kamodzi m'holo ya mdima. Nditangochotsa dzanja kamera inapendama, ndipo inapulumuka chifukwa lamba anali akadali m'khosi mwanga. Mtima unagunda kwa nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo, ndikamanga ndimaigwedeza kamera kawiri ndi dzanja, ndipo lamba ndimavula pomaliza. Tisikuluwu totchinga tija sitithandiza pa vuto limeneli, timangoletsa kutsetsereka.

Ngati mutu wa tripod yanu ndi wogwedera kale, kilampu siichiza zimenezo, musawononge ndalama. Ngati mutu wanu umachoka ndipo pansi pake pali sikuluwu ya 3/8, ganizirani zogula mutu watsopano wokhala kale ndi kilampu. Koma ngati muli ngati ine, miyendo ndi yolimba, mutu ndi wolimba ndipo suchoka, gulani iyi, ndipo itanitsiranitu mapuleti awiri kapena atatu nthawi imodzi, imodzi pa kamera iliyonse ndi pa lenzi iliyonse yaphazi. Ndi puleti imodzi mudzakhalanso mukumasula masikuluwu, ntchito yomwe munkathawa ija.

Mwezi wathawu ndinajambula chinkhoswe cha wachibale ku Chinamwali, ndipo malume analipo. Anaizindikira tripod yawo ali patali, anabwera n'kuisisita miyendo. Ataona chitsulo chatsopanocho anati, "Mphwanga, ichi n'chiyani wandiikira pamutupa?" Ndinawaonetsa. Anachotsa kamera n'kuibwezera katatu okha, mwakachetechete, kenako anandiuza kuti kunyumba kwawo kuseri kwa kabati kuli tripod ina yaing'ono imene ankapita nayo kumidzi pa njinga. Andituma kuti ndikaitenge Loweruka likubwerali ndione ngati sikuluwu yake ndi ya 1/4, ndipo ndauza kale msuweni uja kuti pobwera pa Isitala atenge kilampu ina.