Ntchito ija ya uvolontiya yofufuza za maboma akunja, ndaigwira miyezi 5 ndipo ndaipatsa nyenyezi 3

Anthu angapo akhala akundifunsa ku inbox kuti kodi ntchito ya ulere ndinkagwira ija ndi yaphindu kapena ndi yongotha nayo ma mega, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Dzina la bungwelo sinditchula. Ndi bungwe lachifundo laling'ono, ofesi yawo ili kunja, amatenga mavolontiya m'mayiko osiyanasiyana kuti azithandiza kufufuza momwe maboma akunja amalowerera nkhani za eni ake makamaka pa Facebook nthawi ya zisankho. Ine ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutchaja mafoni kuno ku Ulongwe ku Mozambique, masana makasitomala akachepa ndimangokhala, ndiye nditaona kuti akufuna munthu wodziwa Chipwitikizi ndi chiyankhulo cha kumudzi ndinati bwanji ndiyese. Ndinayamba mu Seputembala 2024, ndinasiya mu Januwale 2025.

Maphunziro awo oyamba aja ndiwo anandikoka, pamenepo sindinama anagwira ntchito. Anayamba ndi nkhani ya kwathu konkuno yomwe ine mwini dziko sindinkaidziwa n'komwe. Pa 30 Okutobala 2019 Facebook inalengeza kuti yachotsa magulu atatu a ma page ndi ma akaunti okhudzana ndi Yevgeny Prigozhin, mkulu uja wa Wagner, gulu la asilikali aganyu la ku Russia, amene anadzafa pa ngozi ya ndege mu Ogasiti 2023. Mayiko amene ankawasewera anali 8, Mozambique ili momwemo pamodzi ndi Madagascar, Sudan, Libya, Cameroon ndi ena. Kwathu kuno ma page ake anatsegulidwa kutangotsala masabata ochepa kuti tivote pa 15 Okutobala 2019, ankalemba zofanana ndendende zoyamikira chipani cholamula cha Frelimo, ndipo panatulukanso kafukufuku wonena amene apambane pomwe lamulo lathu limaletsa kutulutsa zimenezo nthawi ya kampeni. Chimene chinandizizira thupi n'chakuti sanangogwiritsa ntchito ma akaunti abodza ayi, ankagwiritsanso ntchito ma akaunti enieni a anthu a m'dziko momwemo, ndiye iwe ukamawerenga umangoona ngati ndi mnzako wa ku Beira kapena ku Nampula akulankhula za kumtima kwake. Anatiuzanso za AFRIC, bungwe lomwe linkatumiza anthu oyang'anira zisankho m'mayiko a mu Africa, lomwe boma la America linadzaliika pa zilango mu Epulo 2021 ponena kuti ndi la Prigozhin yemweyo.

Ine apo ndinayamba kukayika kuti aaa awa ndi aja ongoloza chala Russia basi kuti asangalatse amene amawapatsa ndalama. Koma sabata yachiwiri anatiikira nkhani ya Disembala 2020, pomwe Facebook inachotsa ma akaunti abodza okhudzana ndi anthu a gulu lankhondo la France, omwe ankalimbana ndi ma akaunti abodza a ku Russia ku Central African Republic, abodza awiri kutukwanizana pa ma comment uku aliyense akunamizira kuti ndi mwana wa m'dzikomo. Ndinaseka mpaka kasitomala anandifunsa kuti achimwene zili bwino? Pamenepo ndinawapatsa ulemu.

Ntchito yeniyeniyo ndi yotopetsa, musanamizidwe kuti mukakhala ngati kazitape wa mu filimu. Amakupatsa mndandanda wa ma page, iwe umalowa pa Page transparency kuona tsiku limene page inatsegulidwa, ngati inasinthapo dzina, komanso dziko limene ma admin ake ali. Ukapeza page yomwe chaka chatha inkagulitsa nsapato lero ikulemba za ndale za ku Maputo ma admin ali kutsidya kwa nyanja, umailemba. Kenako umapita ku Ad Library kukaona ngati analipira kuti post ifike kwa anthu ambiri, chithunzi umachiponya pa Google Lens kuti uone ngati si chakale cha dziko lina, link umaisunga pa Wayback Machine kuti akafufuta umboni usatayike, zonsezo n'kuziika mu spreadsheet mzere ndi mzere. Anzathu akale mu gulumo ankangodandaula za pulogalamu ya CrowdTangle yomwe Meta, kampani ya eni Facebook, inatseka mu Ogasiti 2024, akuti kale inkawasonkhanitsira zonse pamodzi, ife atsopano tinapeza kulima kwa khasu basi.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse. Titavota pa 9 Okutobala 2024 dziko linatentha, aliyense akudziwa, otsatira Venâncio Mondlane, wotsutsa boma uja anaimira upulezidenti, ali pa msewu kukana zotsatira za chisankho, mapoto akulira usiku. Ine mutu unali utadzadza maphunziro aja ndiye paliponse ndinkangoona dzanja la akunja. Ndinapeza ka page kena kolemba za fumbi la malasha ku Moatize ndi za anthu osamutsidwa, kankalemba kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku ndipo ma share ankachuluka modabwitsa, ndinathamanga kukauza amayi amene ankatiyang'anira kuti ndagwira nkhani yaikulu. Iwo sanakondwe ngati mmene ndinkayembekezera, anangondifunsa kuti ma admin ali kuti, alipo ma page ena akulemba mawu omwewo pa mphindi yomweyo, nanga ndalama ya ma advert ilipo? Ma admin anali mu Mozambique momwemuno, panalibe page ina yofanana nayo, panalibe ndi metikali imodzi yomwe ya advert, ndipo Chipwitikizi chake chinali chathu chomwechi chosakaniza ndi Chinyungwe. Anali munthu wokwiya basi. Nanga mkwiyo wa kumeneko wayamba lero? Anthu amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi wa ku Moatize anatseka njanji ya malasha mu Januwale 2012 kulibe ndi mmodzi yemwe amene ankatchula za Prigozhin. Amayi aja anandiuza kuti ndichotse page ija pa mndandanda chifukwa kunena munthu kuti watumidwa ndi akunja popanda umboni kukhoza kumuikitsa m'manja mwa apolisi. Pa ma page onse amene ndinawakayikira miyezi 5 yonseyo ochuluka anathera momwemo, a kwathu konkuno. Ine chimene ndinatolako chachikulu ndi chimenecho, ndipo ndicho chifukwa sindinawapatse nyenyezi imodzi ngakhale anandikhumudwitsa pa zina.

Zokhumudwitsazo nazi. Pulogalamu yonse anaikonzera munthu wokhala ndi wifi m'nyumba ndi laputopu yake. Misonkhano ya pa Zoom inkatenga ola ndi theka, mu Chingerezi chothamanga, ine ndili pa foni ma mega akungosungunuka ngati mchere m'madzi, anatilonjeza kuti azitibwezera koma kuti ubwezeredwe uzidzaza fomu ndi kutumiza lisiti, lisiti la ma mega a pa msika ulitenga kuti abale? Kumapeto kwa Okutobala intaneti ya pa foni itadulidwa, kenako Facebook ndi WhatsApp n'kumavuta masiku ambiri, nditabwerera ndinapeza uthenga wondikumbutsa kuti ndachedwa kutumiza ntchito ya sabata. Ofufuza za Mozambique osadziwa kuti Mozambique ili mu mdima, ndinakwiya tsiku limenelo.

China chachikulu kuposa pamenepo, njira zawo zonse zimagwira pa zolembedwa zoonekera poyera. Koma kuno ku Angónia, ku Tsangano, ku Domwe, mphekesera siyenda pa page, imayenda pa ma audio a pa WhatsApp mu Chichewa, imadutsa pa chipata cha Calomue kuchokera ku Dedza mmawa madzulo ili kale pa chigayo, agogo osadziwa kuwerenga aimva kale pa foni ya mdzukulu. Ndinawauza kangapo kuti audio ilibe Page transparency, simungadziwe anayamba kuijambula ndani, tipeze njira ina. Ankangoyankha kuti ndi mfundo yabwino kwambiri tiiganizira. Pa fomu yawo pa malo a chiyankhulo panali Chipwitikizi, Chingerezi ndi "other", ife a Chichewa ndi Chinyungwe tonse tinali other.

Za chitetezo ndiye anangopereka tsamba limodzi lonena za ma password ndi VPN. Amalume anga atamva zomwe ndikuchita anandiitanira kuseri n'kundiuza kuti mphwanga, azungu akowo akadzatulutsa lipoti lawo adzakhala ali kwawo akumwa tiyi, iwe udzakhala pano pomwe aliyense akudziwa shopu yako. Ndinawayankha kuti amalume dzina langa sililembedwa, ndipo zoona sanalilembe, pamenepo bungwelo linasunga mawu ake. Koma nditafunsa kuti nanga wina atandigogodera usiku ndiimbire ndani, panalibe nambala ya loya kapena ya munthu aliyense wa mu Tete muno.

Ndiye ngati muli ndi laputopu, Chingerezi chikumveka, ndipo simugwira ntchito m'boma, lowani, muphunzira zinthu zomwe kusukulu kulibe, ine pano kasitomala akandionetsa chithunzi cha pa Facebook ndimachifufuza pomwepo foni yake ikutchajidwa. Aphunzitsi ndi anamwino ine ndingati ganizani kawiri. Ndipo musanayambe muwauze akutumizireni ya ma mega patsogolo pa M-Pesa kapena e-Mola, osati zobwezera, ine ya Disembala ija mpaka lero ndikudikirabe.