Salima, Nkhotakota, Mangochi kapena Nkhata Bay: banja la mu Lilongwe likakhazikike kuti kunyanja?

Ambiri a ife muno mu Lilongwe tinabwera kudzatsata ntchito. Tikukhala nyumba za lendi ku Area 25, ku 36, ku 49, kwa Chinsapo, ndipo tikudziwa kuti ntchito idzatha koma eninyumba sadzasiya kugogoda mwezi ukatha. Poloti ya mumzinda muno yafika mtengo woti wantchito wamba sangaifikire, n'chifukwa chake maso a anthu ambiri atembenukira kunyanja. Kwathu nafenso tikungodikira kuti chitsiriza chathu alembe mayeso a Fomu 4. Tikadzanyamuka tidzapita ndi apongozi anga, amene amalandira mankhwala a BP ndi shuga mwezi ndi mwezi, ndiye kuyerekeza kwanga kwatsamira pa banja lotere: la ana oti adzibwerabe mu Lilongwe, munthu wamkulu wodwaladwala, ndi penshoni yosakwanira payokha.

Mchenga ndi madzi n'zokongola konsekonse, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Karonga. Musasankhe potengera zimenezo. Funsani kuti mu February mvula ili pakati, wina akadwala usiku, mudzafika bwanji kuchipatala chachikulu. Funsani kuti kumudzi kukagwa zovuta mudzayenda maola angati. Ndipo funsani chimene chidzabweretse ndalama pakhomo alendo a Khrisimasi atabwerera kwawo.

Ndiyambe ndi Salima, chifukwa aliyense wa mu Lilongwe amayambira kuganiza kumeneko. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, kudutsa pa Chezi ndi pa Mvera. Mukangotsika mapiri a Mvera mumamva nokha kuti mwalowa dziko lina: mphepo yolowa pawindo la minibasi imasanduka yofunda, milambe imayamba kuoneka m'minda, ajuzi amayamba kuvula. Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita osafika 500, ndipo kusiyana kumeneku thupi limakumva usiku wa October, pamene anthu amatulutsa mphasa kukagona pakhonde ndipo madzi a pampopi amatuluka ngati aphitsidwa pamoto.

Anthu ena sadziwa kuti tauni ya Salima siili pagombe. Boma, msika, mabanki, chipatala chachikulu cha boma ndi pa Kamuzu Road zonse zili kumtunda, ndipo kuti mukaponde madzi muyenera kupitirira makilomita ena pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay. Ine ndimaona kuti ubwino wa Salima wagona pomwepa. Mutha kumanga pafupi ndi tauni, pamalo okwera, ana n'kumayenda wapansi kupita kusukulu, nyanja n'kukhala ya Loweruka. Wodwala akatumizidwa kuchipatala chachikulu amabwera ku Kamuzu Central, kumene tili ndi abale oti angamudikirire ndi kumuphikira phala. Wa geni atha kupikula usipa m'mamawa ku Senga Bay, masana n'kukhala atafika nawo kumsika wa mu Lilongwe, madzulo n'kugona kwake. Pa matauni anayiwa palibe ina imene ingakupatseni zimenezo.

Ndalama zimayendanso chaka chonse, chifukwa Salima sadalira alendo okha. Kuli asilikali ku MAFCO ndi ku Senga Bay, kuli Salima Technical College, kuli fakitale ya shuga, mpunga wa ku Lifuwu, ndi misonkhano ya mabungwe imene imadzaza mahotela pakati pa sabata. Anthu olandira malipiro pakutha pa mwezi ndi amene amachititsa kuti golosale, chigayo kapena nyumba za lendi zikhale ndi phindu. Ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, koma musaganize kuti ndiye kuti magetsi sazima kumeneko. Mphamvuyo imalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo sola yanu padenga idzafunikabe kuti fani izungulire usiku.

Choipa cha Salima n'chakuti tonse tamuona. Malo oyandikira madzi ku Senga Bay anagulidwa kale ndi anthu a ndalama, ndipo otsalawo mitengo yake ikutchulidwa poyang'ana nambala ya galimoto imene mwabwera nayo. Dera lalikulu ndi lachidikha, dothi lake lamakande m'malo ena, moti poloti yooneka youma bwino mu September imasanduka dambo mu January. Mitsinje ngati Linthipe ndi Lifidzi imasefukira.

Nkhotakota ndi kumene mtima wa mlimi ungakhazikike. Kuchoka mu Lilongwe kudzera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo theka lachiwiri la ulendowu ndi pamsewu wa M5, umene kwa zaka zambiri wakhala wopapatiza, wodyeka m'mbali, wa milatho yoti mvula ikakula imavutika. Ntchito yokonza imachitika, koma pitani mukauone nokha nyengo ya dzinja musanakhulupirire za munthu. Mukafika, mupeza tauni yakale, yodekha, ya mithunzi ya mango. Mbiri yake ndi yolemera komanso yowawa: apa ndi pamene a Jumbe ankasonkhanitsira akapolo n'kuwaolotsa nyanja, ndipo mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 ukadalipo pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Asilamu ndi Akhristu a Anglican akhala moyandikana kumeneko mibadwo ingapo, ndipo chilankhulo ndi chathu chomwechi, chongosiyana kamvekedwe.

Pa chakudya, Nkhotakota amaposa Salima. Mpunga umalimidwa kwambiri m'madambo ndi kusikimu ya Bua, chinangwa chili pakhomo lililonse, nsomba za ku Chia Lagoon zimagulitsidwa pamsewu pomwe, ndipo mumtsinje wa Bua mumakwera mpasa. Banja lokhala ndi maekala awiri ndi mphamvu zolima silingagone ndi njala. Malo nawonso sanafike pa mitengo ya ku Senga Bay. Koma muvomereze kuti ana anu adzaphunzira kudya kondowole, ndipo inu amene munakulira nsima ya chimanga mudzayamba mwadandaula. Zipatala zilipo ziwiri pa boma, cha boma ndi cha mishoni cha St Anne's, zomwe ndi mwayi, kungoti matenda akakula ulendo wake ndi wa ku Lilongwe womwewo, pamsewu uja.

Kumpoto kwa bomali kuli Dwangwa, kumene minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga ya Illovo zimayendetsa ndalama kuposa pa boma penipeni. Wofuna bizinesi angakopeke nako. Akumbukire kuti kumayambiriro kwa 2024 madzi osefukira anagumula nyumba zambiri m'dera la Dwangwa ndipo anthu zikwizikwi anakhala m'misasa. Kumadzulo kuli nkhalango ya Nkhotakota, imene a African Parks akhala akuyang'anira kuyambira 2015 ndipo anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Nkhalangoyi ili ndi mpanda, koma mpanda suletsa kashembe, ndipo matenda a kaodzera amadziwika m'midzi yoyandikana nayo. Munda wotchipa wa m'mphepete mwa nkhalango muuganizire kawiri.

Mangochi ndimaulemekeza, koma kwa banja la mu Lilongwe ndikuona kuti wayang'ana kwina. Ndi tauni yaikulu pa zinayizi, ya msika wotentha, ya malonda usana ndi usiku, ndipo mahotela otchuka a m'mbali mwa nyanja, Maldeco, doko la Ilala ku Monkey Bay ndi Cape Maclear zonse zili m'boma limeneli. Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ili komweko. Wodziwa za alendo, zophika kapena za nsomba angapeze pogwira. Koma boma lenilenilo lili m'mbali mwa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, ndipo kutentha kwake kumaposa kwa Salima. Kuchoka kuno ndi makilomita pafupifupi 250, kudzera ku Dedza n'kutsika Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, msewu wokhotakhota woti dalaivala wotopa asauyambe usiku. Wodwala akatumizidwa amapita ku Zomba, ndipo katundu wambiri amachokera ku Blantyre. Ngati abale anu ali kummwera, zimenezi ndi zabwino zokhazokha. Ngati ali ku Dowa, ku Mchinji kapena ku Kasungu, mudzakhala mukuthera ndalama pamsewu. Chiyao ndicho chilankhulo cha pakhomo m'midzi yambiri, ndipo ambiri ndi Asilamu. Chichewa chimamveka paliponse, koma wobwera amene waphunzira kupereka moni m'Chiyao ndi kulemekeza Lachisanu la anzake amalandiridwa msanga.

Nkhata Bay ndiye amandivuta kumusiya. Tauni yake yakhala pamadzi penipeni, nyumba zitakwera m'mapiri, nyanja yakuya ili pansi pake. Kumagwa mvula yambiri, kumakhala kobiriwira pamene kuno kuli fumbi, ndipo n'chifukwa chake kuli mitengo ya labala ku Vizara ndi tiyi ku Kawalazi. Batala wowotcha ndi kondowole wa kumeneko sindinamupeze kwina. Chipatala cha boma chatsopano chili ku Mkondezi, ndipo Mzuzu, ndi chipatala chake chachikulu ndi mayunivesite, ali pa mtunda wosakwana makilomita 50. Kummwera kwake kuli Chintheche ndi Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia anasamukira mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, ndipo mchenga wa kumeneko ndi woyera kuposa wina uliwonse umene ndinauonapo. Wochokera kumpoto asataye nthawi kuwerenga za matauni enawa. Koma kuchokera mu Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 400, ulendo wa tsiku lathunthu. Kwathu ndi ku Dowa, mayi a kunyumba kwawo ndi ku Dedza. Uthenga wa maliro ukabwera usiku, sitingafike mwambo usanayambe, ndipo munthu wosaoneka pamaliro a abale ake amadzisiyanitsa yekha ndi mtundu wake. Kumanganso pamalo otsetsereka kumadya simenti yambiri pa maziko pokha.

Pali zina zimene sizisankha tauni. Malungo ndi ochuluka m'mbali monse mwa nyanja kuposa mu Lilongwe, ndipo ana okulira mumzinda amagwa nawo msanga. Neti ndi mawaya a m'mawindo zilowe mu bajeti ya nyumba. Likodzo lili m'madzi odekha a m'mabango, makamaka kummwera kwa nyanja. Kolera wa 2022 ndi 2023 anavuta kwambiri m'maboma onse anayiwa, choncho funso la madzi akumwa likhale loyamba: kodi paipi ya Water Board yafika pamalopo, kapena mudzadalira mjigo? Mijigo ina ya kunyanja imatulutsa madzi amchere, ndiye mulawe musanalipire.

Chachikulu koposa ndi nyanja yeniyeniyo. Mu 2024 madzi anakwera kupitirira mamita 476, msinkhu umene sunaoneke kwa zaka zambiri, ndipo analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Amene anapitako anaona mitengo itaima m'madzi, mipanda ya njerwa itagwa chagada, ndi mzere wakuda pakhoma wosonyeza pamene madzi anafika. Eni ake ambiri anamanga zaka zimene nyanja inali itaphwera, poganiza kuti mchengawo ndi wawo mpaka kale. Akuluakulu a m'midzi ya kumeneko amadziwa pamene madzi anafika cha m'ma 1980, ndipo adzakulozerani mtengo kapena mwala wake mukawafunsa mwaulemu. Pa nkhani imeneyi Nkhata Bay ali ndi mwayi chifukwa cha mapiri ake, pamene zidikha za Salima, Nkhotakota ndi Mangochi zimafuna kusamala kwambiri.

Za kagulidwe ka malo ndinene mosabisa, chifukwa anthu akulira. Malo ambiri kunyanja ndi a makolo. Kalata ya amfumu yokha siikwanira, ndipo munthu mmodzi wa m'banja sangagulitse malo a mbumba yonse. Khalani pansi ndi eni mbumba, amfumu ndi mboni, muyende m'malire onse ndi mapazi, kenako mupite ku ofesi ya za malo ya khonsolo kukafunsa ngati malowo alibe mwini wina ndi ngati amaloledwa kumangapo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo otere, ndipo ndalama ya saveya ndi yochepa poyerekeza ndi ya milandu.

Ife tatsamira ku Salima, koma osati pagombe. Tikuyang'ana malo okwera pakati pa tauni ndi njira ya ku Lilongwe, poti apongozi akafike kuchipatala pa kabaza, ifenso tikafike ku Dowa kudzera pa Mvera ndi ku Dedza kudzera pa Golomoti tsiku lomwelo. Tikanakhala ndi mphamvu zolima mpunga ndipo pakhomo palibe wodwala, ndikanakankhira ku Nkhotakota. Tisanapereke ndalama kwa aliyense tidzayamba tachita lendi kanyumba kumeneko kuyambira October mpaka March, kuti kutentha, udzudzu ndi matope tidzazione tili pomwepo, ndipo poloti tidzakaiyendera m'mawa wotsatira mvula yaikulu.