VCDS ndi kebo ya HEX-V2 pa Golf 6, patadutsa dzinja ndi chilimwe

Kebo ya HEX-V2, yolumikizira galimoto ku laputopu yokhala ndi pulogalamu ya VCDS, ndakhala nayo dzinja lonse mpaka chilimwe, ndipo mmene ndimaionera lero si mmene ndinkaionera pogula. Nthawi imeneyo ndinkafuna chida chotsegulira tinthu tosangalatsa tobisika m'galimoto. Lero phindu lake ndikuliona pa zinthu ziwiri: imasunga mmene module iliyonse (kakompyuta koyendetsa gawo lina la galimoto) inalili isanakhudzidwe, ndipo module ikakana coding (manambala oiuza mmene igwirire ntchito) imakuuzani kuti yakana mwa mtundu wanji.

VCDS ndi pulogalamu ya kampani ya Ross-Tech ya ku Pennsylvania, ku America, yopimira galimoto za Volkswagen, Audi, Seat ndi Skoda. Kale inkatchedwa VAG-COM. Imayenda pa Windows, ndipo laisensi ili m'kebo momwemo, choncho kusintha laputopu si nkhani. Ine ndinagula ya ma VIN atatu (VIN ndi nambala ya chasisi ya galimoto), pafupifupi madola 200 osawerengera msonkho ndi zotumizira. Galimoto yanga ndi Golf 6 ya 2010 yochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam.

Tinthu tating'onoting'ono tija ndinathana nato masana amodzi: zitseko kudzikhoma zokha liwiro likafika makilomita 15 pa ola, magalasi kutsekeka ndi rimoti. Long Coding Helper, gawo la VCDS, imakuonetsani byte iliyonse (kachigawo ka coding) ndi timabokosi tochonga, ndipo mpaka pano zonsezo zikugwira bwino. Palibe chambiri chonena pamenepo.

Pamene keboyi inaonetsa ntchito yake ndi pa ABS, makina oletsa matayala kukanirira mukaponda mabuleki mwamphamvu. Module yanga inapsa tsiku limene munthu wina, pofuna kundithandiza kuliza galimoto, analumikiza mawaya a mabatire mosemphanitsa. Nyale za ABS, ESP (yothandiza kuti galimoto isaterereke) ndi ya mabuleki zinayaka pa dashibodi, ndipo adiresi 03, yomwe ndi ya ABS mu VCDS, inasiya kuyankha ngakhale titasintha mafyuzi. Module ina yogwirapo kale ntchito inachokera ku Johannesburg pa basi. Amakaniko anaimanga, n'kuchotsa mpweya m'mapaipi a mabuleki, koma nyale sizinazime. Auto-Scan, yopima ma module onse nthawi imodzi, inaonetsa 01044, kutanthauza kuti module ili ndi coding yolakwika.

Apa m'pamene anthu ambiri amataya ndalama, chifukwa amangoti sipeyayo ndi yakufa n'kuitanitsa ina. ABS ya pa Golf 6 imatchedwa MK60EC1, ndipo coding yake si mndandanda wa timabokosi ayi. Mkati mwake mwalukidwa manambala omalizira a VIN ya galimotoyo, komanso ma byte ena ndi obwereza anzawo chotembenuza, kuti module idzitsimikizire yokha ngati zolembedwazo zikugwirizana. Ili ngati chiphaso cha unzika: cha m'bale wanu, ngakhale mufanane nkhope, simungadutse nacho. Coding imene inabwera ndi module inali ya galimoto ya ku South Africa, yanga sinaizindikire.

Chimene chinandipulumutsa ndi Auto-Scan imene ndinasunga nditangolandira kebo, galimoto ili bwinobwino. Module yakufa simungaifunsenso kuti inali ndi coding yotani, koma pa fayilo ija zonse zinalipo: nambala ya sipeya, mtundu wa pulogalamu ya mkati, ndi coding yonse. Komabe nditaikopera mmene inalili, module yatsopano inakana ndi Error 31, Request out of range. Chifukwa chake chinali pa nambala ya sipeya. Zonse ziwiri zinkayamba ndi 1K0 907 379, koma zilembo za kumapeto zinali zosiyana, ndipo yatsopanoyo inkafuna coding yotalikirapo. VCDS imaonetsa kutalika kumene module ikuyembekezera, ndiye kuyerekeza mizere iwiriyo, byte ndi byte, kunaonetsa poyera pamene panali kusiyana. Ma byte a VIN, mtundu wa mabuleki ndi injini anakhala a galimoto yanga, owonjezera a kumapetowo ndinawadzaza motsatira zida zimene galimotoyi ili nazo, ndipo inalandira.

Uphungu wanga kwa amene mukuitanitsa module: muuzeni wogulitsa akujambulireni chizindikiro cha pa sipeyayo mpaka zilembo zomalizira. Mawu oti "ndi ya Golf 6" sakwanira.

Manambala okanirawa ndawazolowera tsopano, ndipo ndi amene amandiuza koyambira. Error 31 ndiye kuti zimene mwalembazo module sikuzivomereza, bwererani ku nambala ya sipeya ndi ku ma byte. Error 22, Conditions not correct, nthawi zambiri vuto silili pa coding koma pa mmene galimoto ilili panthawiyo: mwina injini ikulira pamene ikufunika kiyi yokha, kapena pali fault ina yosafufutidwa. Error 33 ikufuna kuti muyambe mwalowa ndi security access, nambala yotsegulira module. Anthu atatu angauzidwe kuti "coding yakana", koma matenda awo n'ngosiyana kotheratu, ndipo timakina totchipa timene timangolemba kuti zakanika sitingawasiyanitse.

Coding ikalowa musafulumire kusangalala, nyale ya ESP imakhalabe. Module yatsopano sidziwa kuti chiwongolero chikakhala pakati chili pati, choncho sensa ya chiwongolero, G85, imafuna kukhazikitsidwa mu Basic Settings. Galimoto iime pamalo osatsetsereka, matayala ataloza kutsogolo, mulowe ndi security access 40168, kenako gulu 060. Pa ma Golf ena sensayi ili mu steering rack, ndiye ntchitoyi imachitikira ku adiresi 44 osati 03. Masensa a kupendekeka ndi a mphamvu ya mabuleki nawonso amafuna kukhazikitsidwa. Pomaliza mumayenda pang'ono n'kupotoza chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Pamenepa ndimalankhula mosanyengerera: awa ndi mabuleki. Coding yolandiridwa koma yonena mtundu wolakwika wa mabuleki kapena wa galimoto ingazimitse nyale, ESP n'kumawerengera zabodza pa msewu wonyowa. Ngati simukumvetsa byte imene mukusintha pa adiresi 03, isiyeni, funsani odziwa.

Nkhani ya wailesi inali yosavuta, koma ikukhudza pafupifupi aliyense wogula galimoto ku Japan. Mawailesi akale a kumeneko amagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pamene masiteshoni athu ambiri ali pamwamba pa pamenepo, mpaka 108. Nditaika wailesi ina yosakhala ya Volkswagen, Auto-Scan iliyonse inkabwera ndi 01304, yoti wailesi sikuyankha. Palibe chinawonongeka. Adiresi 19, CAN Gateway, imasunga mndandanda wa ma module amene galimoto iyenera kukhala nawo, ndipo inkaitanabe wailesi yakale. Kuchotsa chochonga pa 56 mu Installation List kunathetsa nkhaniyo. N'chimodzimodzinso mukawonjezera chida chatsopano: gateway ikapanda kuuzidwa, ma module ena amadandaula za mnzawo amene sakumudziwa.

Batire ndi mdani wachinsinsi pa ntchito imeneyi. Kiyi ikakhala yotsegula injini isakulira, nyale ndi mafani zikudya moto, mphamvu imatsika msanga, ndipo ikatsikira pansi pa ma volt 12 mumayamba kuona zodabwitsa: ma module osayankha, fault 00532 ya mphamvu ya magetsi apa ndi apo, coding yolekera panjira. Ndaona galimoto ya mnzanga itadzaza ma fault ochititsa mantha, vuto lonse lili batire lotopa. Masiku ano ntchito ikakhala yotenga nthawi ndimalumikiza chaja, ndipo laputopu imakhala yodzaza chifukwa magetsi atha kuzima nthawi iliyonse.

Keboyo payokha ikadali yolimba ngakhale imakhala m'galimoto pa kutentha ndi fumbi. Pulogalamu yatsopano ikatuluka ndimaitsitsa osalipiranso. Ndimakondanso kafayilo kamene VCDS imalemba yokha nthawi iliyonse mwasintha coding, kosonyeza yakale ndi yatsopano, moti kubwerera m'mbuyo sikudalira kukumbukira kwanu. Makebo okopera amene amagulitsidwa motchipa amabwera ndi pulogalamu yakale yosafuna intaneti, ndipo ambiri amafa akangoyesa kulandira pulogalamu yatsopano. Pa kuwerenga ma fault mwina angakuthandizeni, koma kulemba nawo mu ABS kapena airbag ine sindingalole pa galimoto yanga.

Malire ake alipo ndipo muwadziwe musanagule. Auto-Scan, kuwerenga ndi kufufuta ma fault mungachite pa galimoto zochuluka mmene mungafunire, koma coding, adaptation ndi Basic Settings pa galimoto iliyonse zimadya VIN imodzi mwa zitatu zija, ndipo ikalembedwa siifufutika. Achibale ndi anzanu akamva kuti muli ndi makina amabwera, choncho muzidziwiratu amene mudzamupatse malo. Wa galaja asavutike ndi ya ma VIN atatu, agule yopanda malire. Zolemba zambiri zili m'Chingerezi, zina m'Chijeremani, ndipo pa Toyota kapena Nissan imangowerenga za injini za OBD-II (muyezo wa galimoto zamitundumitundu) basi.

Pa galimoto zatsopano mpanda wakwera. Golf 7 ili ndi Component Protection (loko woletsa sipeya ya galimoto ina kugwira bwino ntchito) pa zida ngati dashibodi ndi wailesi, yomwe imachotsedwa ndi makina a dila olumikizidwa ku kampani pa intaneti. Kuyambira pa Golf 8, cha m'ma 2020, kunabweranso SFD, imene imatseka coding pa ma module ambiri mpaka mutapeza chilolezo. Amene muli ndi Golf 5, Golf 6, Jetta, Tiguan yoyamba kapena Audi A3 ya zaka zimenezo, ntchito zambiri mungazigwire pakhomo panu, kupatula makiyi ndi immobiliser (choletsa injini kulira popanda kiyi yake). Amene mukuganiza zoitanitsa Golf 7, funsiranitu kumene kuli makina otsegulira Component Protection musanalipire sipeya ya galimoto ina.