Maphunziro a olera ana pa Mangochi boma ndi othandiza, koma sakufikira onse

Bungwe lina loona za ana pano pa Mangochi boma limachititsa maphunziro aulere a makolo, agogo, aphunzitsi ndi anthu olera ana amasiye, ndipo pambali pa maphunzirowo limapereka uphungu kwa mwana ndi womulera. Ndinalembetsa chifukwa ndimaphunzitsa kupulaimale komanso ndikulera mwana wa malemu mng'ono wanga. Ndikuona kuti maphunzirowa ndi oyenera kuti munthu asiye ntchito zake n'kukakhala nawo, ngakhale kuti pali zina zimene zinandidandaulitsa kwambiri.

Mphamvu yake yagona pa mayi amene amatsogolera, omwe amafotokoza za ubongo m'Chichewa chomveka popanda kuchepetsa omvera. Anatiuza kuti pofika zaka 6 ubongo wa mwana umakhala utakula pafupifupi 90 peresenti ya ubongo wa munthu wamkulu, ndipo chimene chimaumanga si chakudya chokha ayi, komanso kunyamulidwa akalira, kuyankhidwa akamwetulira, ndi kudziwa kuti pali munthu amene sadzamutaya. Kachigawo kotchedwa amygdala anakayerekeza ndi mlonda wapakhomo amene amaliza wezulo akaona zoopsa. Wezuloyo ikalira, thupi limatulutsa mahomoni monga cortisol, mtima umagunda msanga, ndipo munthu amakonzeka kuthawa, kumenya kapena kungouma. Zimenezi n'zabwino pamene ngozi ili yeniyeni ndi yosakhalitsa, koma mwana amene akukula m'nyumba ya ndewu za usiku ndi usiku mlonda wake sagona, mwakuti amaliza wezulo ngakhale chitseko chikangomenyetseka ndi mphepo. Pamenepo mbali ya ubongo ya kumphumi, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganiza asanachite chinthu, imavutika kugwira ntchito yake, chonsecho mbali imeneyi simaliza kukhwima mpaka munthu atafika zaka za m'ma 25.

Aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi amawadziwa ana amenewa. Wina amayambitsa ndewu mnzake akangomukhudza paphewa, wina amangoti duu tsiku lonse, ndipo wina amaiwala masamu amene anawakhoza dzulo lomweli. Ife timathamangira kunena kuti ndi amwano kapena aulesi, ndipo kunyumba amawawonjezera chikwapu. Alangiziwa sanatiuze kuti mwana asamadzudzulidwe, koma anatsindika kuti mwana amene ali ndi mantha samva malangizo, choncho ayambe wakhazikika mtima, kudzudzula kubwere pambuyo. Kwathu ndinayamba ndi zazing'ono, monga kusasinthasintha nthawi yodya ndi yogona komanso kumuuziratu mwanayo kumene ndikupita ndi nthawi imene ndibwere, ndipo kulira kwake kwa usiku kwachepa.

Ndinayamikiranso kuti zimene amaphunzitsa zili ndi maziko. Anatchula kafukufuku wa Vincent Felitti ndi Robert Anda wa ku California, m'dziko la America, amene anakhudza anthu oposa 17,000 ndipo zotsatira zake zoyamba, zofalitsidwa mu 1998, zinaonetsa kuti munthu akakumana ndi mitundu yambiri ya nkhanza ndi mavuto a m'banja ali mwana, chiopsezo cha uchidakwa, matenda a maganizo ngakhalenso matenda a mtima chimakwera akakula. Anakumbutsanso za kafukufuku wa m'dziko muno wa 2013, amene anaonetsa kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse anachitidwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Koma zitsanzo zambiri anazitenga pakhomo pathu pomwe pano: ana osiyidwa ndi agogo bambo ali ku Joni zaka zambiri osatumiza ndi uthenga womwe, ana amene anaona mtembo wa bambo awo ukuvuulidwa m'nyanja, ndi atsikana okwatiwitsidwa ali aang'ono ngakhale kuti mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo oyendetsera dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Chimene chinandipweteka mtima chinachitika tsiku limene phunziro linatsogozedwa ndi mlangizi wachinyamata. Iye anafotokoza za kuwonongeka kwa ubongo mwa njira yomveka ngati kuti mwana amene wazunzidwa watha basi, ndipo agogo ena amene akulera mdzukulu wogwiriridwa anagwetsa misozi, n'kufunsa ngati mwanayo sadzachiranso. Zinatengera mayi otsogolera aja kulowererapo, kukhala pansi pafupi ndi agogowo n'kuwafotokozera za ana a m'nyumba zosungira ana ku Romania, amene ofufuza anayamba kuwatsatira ku Bucharest cha m'ma 2000. Ana amene anachotsedwa m'nyumbazo n'kupatsidwa mabanja owalera anakula bwino m'nzeru ndi m'makhalidwe kuposa amene anatsalira, makamaka amene anatengedwa asanakwanitse zaka ziwiri. Anawonjezera kuti ubongo umasinthabe ngakhale munthu atakula, ndi kuti chimene chimateteza mwana kwambiri ndi kukhala ndi munthu wamkulu mmodzi wodalirika amene amamukonda mosalekeza. Mfundo imeneyi siyenera kudikira kuti munthu alire kaye. Bungweli liyenera kuonetsetsa kuti mlangizi aliyense akuitchula pamodzi ndi zoopsazo, chifukwa wolera mwana akataya chiyembekezo, mwanayo amakhala wataya chomutchinjiriza chachikulu.

Chipinda cha uphungu nachonso sichikuyenera ntchito yake, pakuti chinangogawidwa ndi matabwa opyapyala ndipo amene akudikira panja amamva mawu a m'kati. M'boma ngati lathu, mmene ambiri timadziwana kumsika, kumzikiti ndi kutchalitchi, mayi sangaulule zimene mwamuna wake akuchita ngati akudziwa kuti mnansi wake ali pabenchi kuseri kwa thabwa. Timapepala totenga popita kunyumba tili m'Chingerezi, ndipo agogo ochokera cha ku Namwera amene amamasuka m'Chiyao ankadalira anzawo kuwanong'oneza. Abambo anali ochepa zedi, ndipo sindikudabwa, poti maphunziro amachitika m'mawa, nthawi imene asodzi angotsika kumene m'boti atachezera usiku wonse panyanja. Munthu wa ku Makanjira kapena ku Monkey Bay, ngakhale maphunzirowo ndi aulere, ndalama yoyendera yokha ingamulepheretse.

Pa nkhani zimene sangathe kuzisamalira okha, alangiziwa amanena zoona n'kutumiza munthu kuchipatala kapena kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo amapereka nambala yaulere ya 116 yothandiza ana amene akuchitidwa nkhanza. Aphunzitsi anzanga, olera ana m'sukulu za mkombaphala ndi aliyense amene watenga mwana wamasiye ndikuwalimbikitsa kuti akalembetse. Amene akufuna uphungu wa payekha apemphe kuti akumane ndi phungu masana gulu litabalalika, ndipo amene Chichewa chimawavuta apite ndi wachibale amene amamukhulupirira kuti aziwamasulira.