Maphunziro a masamu a Omaha ku Rosettenville: kodi R150 ikupita pabwino?

Amalawi a ku Johannesburg amene amasewera poker ndipo akufuna kuchoka ku Texas Hold'em kupita ku Omaha ali ndi kumene angaphunzire masamu a masewerowa m'Chichewa. Maphunzirowa amachitika Loweruka masana m'chipinda chakuseri kwa nyumba ina ku Rosettenville, ndipo amene amaphunzitsa ndi bambo ena achikulire a kwathu komweko, omwe anagwira ntchito yogawa makhadi mu kasino kwa nthawi yaitali asanapume. Munthu amalipira R150 pa phunziro limodzi la maola awiri, patebulo pamakhala anthu osapitirira asanu ndi atatu, ndipo matchipisi amene amagwiritsidwa ntchito ndi apulasitiki osasinthidwa ndi ndalama. Phunziro limene ndikuliwunika pano ndi limene limakopa anthu ambiri, la mmene munthu angawerengere mwayi wopanga straight (makhadi asanu a manambala otsatizana) makhadi apatebulo asanatsegulidwe, nthawi imene osewera amaitcha preflop. Chigamulo changa ndi chakuti ndalamayo sitayika pachabe, koma phunziroli limaima pamene wophunzira wangoyamba kumene kulifuna kwambiri.

Aphunzitsiwa amayamba ndi lamulo limene limagwetsa pafupifupi aliyense wochokera ku Hold'em. Mu Omaha wosewera amalandira makhadi anayi, koma ayenera kugwiritsa ntchito awiri okha, osachepera ndiponso osapitirira, pamodzi ndi atatu mwa makhadi asanu apatebulo. Wina akagwira 9 mmodzi yekha wogwirizana ndi tebulo limene pali 5, 6, 7 ndi 8, ku Hold'em wapanga kale straight, pamene ku Omaha alibe kanthu pokhapokha khadi lake lachiwiri litalowanso mu mzerewo. Mbiri ya masewerowa amaidutsa mwachangu, kungotchula kuti anayamba kudziwika ku Las Vegas kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mu kasino ya Golden Nugget, ndipo amachita bwino kusachedwapo chifukwa palibe amene walipira R150 kudzamva mbiri.

Chimene chimasiyanitsa maphunzirowa ndi matchati amene anthu amatumizirana pa WhatsApp ndi chakuti wophunzira saloledwa kuloweza nambala imene sanaipeze yekha. Aphunzitsi amaika patebulo J, 10, 9 ndi 8, dzanja limene osewera amalitcha rundown, kenako amafunsa aliyense kuti akuganiza kuti dzanjali limapanga straight pa flop (makhadi atatu oyamba kutsegulidwa patebulo) kangati pa maulendo 100. Mayankho amene ndinawamva anali akuti kotala, ena mpaka theka, ndipo anachokera kwa anthu amene asewera kwa zaka. Akatero amagawa mapepala ndi zolembera. Popeza makhadi onse ndi 52 ndipo anayi ali kale m'manja, otsala ndi 48, ndipo njira zotulutsira makhadi atatu mwa 48 zilipo 17,296. Ntchito yotsala ndi kuwerenga kuti mwa njira zimenezi ndi zingati zimene zimathandiza.

Apa ndi pamene luso la bambowa limaonekera, chifukwa amagawa kuwerengako m'magulu amene munthu wosadziwa masamu a kusekondale angathe kuwatsata. Flop ya A, K, Q imamaliza straight ndi J ndi 10, ndipo popeza makhadi anayi a nambala iliyonse akadali m'mulu, njira zake ndi 4 kuchulukitsa ndi 4 kuchulukitsanso ndi 4, zomwe ndi 64. Chimodzimodzi ndi flop ya 7, 6, 5. Flop ya K ndi Q pamodzi ndi J, 10 kapena 9 ili ndi njira 48 pa iliyonse, chifukwa khadi limodzi la nambala yachitatuyo lili kale m'manja mwa wosewera ndipo atsala atatu okha, motero gululi limapereka 144, ndipo la 7 ndi 6 pamodzi ndi 10, 9 kapena 8 limaperekanso 144. Gulu lalikulu ndi la Q pamodzi ndi manambala awiri mwa anayi amene wosewera wagwira: mitundu yake ndi isanu ndi umodzi, uliwonse wa njira 36, zonse pamodzi 216, ndipo 7 akalowa m'malo mwa Q zimabweranso 216. Kuphatikiza zonse kumapereka 848. Kugawa 848 ndi 17,296 kumabweretsa 4.9 peresenti, kutanthauza kamodzi pa maulendo pafupifupi makumi awiri. Munthu amene anati theka amakhala chete kwa kanthawi, ndipo aphunzitsi samuseka, amangonena kuti, "Achimwene, werenganinso nokha, mwina ine ndakunamizani."

Kuti wophunzira asataye mtima ndi nambala yaing'onoyi, amaiyerekeza ndi ya Hold'em, kumene J ndi 10 zimapanga straight pa ma flop 256 mwa 19,600, yomwe ndi 1.3 peresenti. Choncho rundown ya Omaha imaposa dzanja labwino la Hold'em pafupifupi kanayi, ndipo n'chifukwa chake maganizo a osewera amasokonezeka: amaona straight kawirikawiri patebulo, n'kuiwala kuti patebulopo pali anthu ambiri ndipo aliyense wagwira makhadi anayi.

Gawo limene ndikuona kuti palokha likukwanira mtengo wa phunziro lonse ndi lachiwiri, pamene aphunzitsi amabwerera ku nambala ya 848 n'kufunsa kuti mwa ma straight amenewa ndi angati amene palibe straight ina ingawapose, amene osewera amawatcha nuts. Flop ikakhala K, Q, J, wogwira 10 ndi 9 wapangadi straight, koma wina aliyense amene ali ndi A ndi 10 wamuposa. Pa K, Q, 10 amaposedwa ndi A ndi J. Pa Q, J, 10 zinthu zimaipiratu, popeza 9 ndi 8 zili pansi pa A ndi K komanso pansi pa K ndi 9, ndipo pa Q, J, 9 ndi pa Q, 10, 9 wogwira K ndi khadi loyenera amakhala pamwamba. Ma flop oopsawa ndi 204, ndipo akachotsedwa pamatsala 644, yomwe ndi 3.7 peresenti. Ndiye kuti pa ma straight anayi alionse amene dzanja lokongolali lapanga pa flop, pafupifupi imodzi ndi ya mtundu umene umadyetsa munthu matchipisi ake onse, chifukwa wosewera sataya zambiri pamene alibe kanthu koma pamene ali ndi dzanja labwino lachiwiri. Aphunzitsi amanena kuti m'zaka zawo zogawa makhadi, anthu amene ankachoka patebulo atakwiya kwambiri anali a straight yapansi.

Kuchokera apo amayika manja ena pambali kuti wophunzira aone yekha kusiyana. A, K, Q, J imaoneka yamphamvu kuposa J, 10, 9, 8, koma pa nkhani ya straight imapanga pa ma flop 424 okha, 2.5 peresenti, chifukwa pamwamba pa A palibe kopita; ubwino wake ndi wakuti ma straight onse 424 ndi apamwamba. Dzanja la 5, 4, 3, 2 limapanga pa ma flop 640, koma apamwamba ndi 372 okha. Ndipo khadi limodzi losagwirizana ndi anzake, limene amalitcha dangler, limaluma kuposa mmene anthu amaganizira: J, 10, 9, 2 imatsika kuchoka pa 848 kufika pa 560, kutanthauza 3.2 peresenti. Kuwerenga kotereku kumafanana ndi kwa katswiri wa bawo, amene sanyamula nkhomo asanadziwe dzenje limene dzanja lake likathere, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake achikulire a m'kalasimo amachigwira msanga kuposa anyamata amene amadalira foni.

Tsopano zofooka, ndipo zilipo zosati n'kuzibisa. Choyamba, phunziro limatchedwa la mwayi wa preflop, koma limathera pa flop. Funso limene wosewera amakhala nalo pamene wina wakweza kwambiri ndalama zobetcha makhadi asanatsegulidwe ndi lakuti dzanja lake lidzakhala litapanga chiyani makhadi onse asanu akatuluka, mpaka lomaliza lotchedwa river. Aphunzitsi amayankha kuti kuwerengako n'kwakutali ndipo kumafuna kompyuta. Zoona n'zakuti n'kwakutali, popeza njira zotulutsira makhadi asanu mwa 48 ndi 1,712,304, koma magulu omwe aja amagwirabe ntchito papepala, ndipo yankho la J, 10, 9, 8 limabwera 470,544, yomwe ndi 27.5 peresenti. Nambala imeneyi inayenera kukhala pa bolodi, ngakhale popanda kuonetsa njira yonse, chifukwa ndi imene imafotokoza chifukwa chimene rundown imalemekezedwa ngakhale kuti pa flop imamenya kamodzi pa makumi awiri. Wophunzira amene wachoka ndi 4.9 yekha akhoza kuyamba kutaya manja abwino.

Chachiwiri ndi chachikulu. Kuwerenga konse kumachitika ngati kuti makhadi alibe mitundu. Mawu akuti straight yapamwamba ndi nuts amakhala oona pokhapokha patebulo palibe makhadi atatu a mtundu umodzi ndiponso palibe nambala yobwerezedwa, chifukwa flush (makhadi asanu a mtundu umodzi) ndi full house (atatu a nambala imodzi ndi awiri a nambala ina) zonse zimaposa straight, ndipo mu Omaha, kumene aliyense ali ndi njira zisanu ndi imodzi zophatikizira makhadi awiri, manja amenewa saoneka mwa apo ndi apo. Aphunzitsi amachitchula m'chiganizo chimodzi n'kulonjeza kuti nkhaniyo ili m'phunziro lina, limene limafunanso R150 ina. Sindikuwatsutsa pofuna kupeza kangachepe, koma munthu amene wabwera kamodzi kokha amachoka ndi chidaliro chimene makhadi sangachilemekeze.

Mphindi zomaliza amazipereka ku wrap, dzanja limene makhadi ambiri angalimalizire straight, ndipo ngakhale gawoli limathamangitsidwa, muli mfundo imodzi imene aliyense wochokera ku Hold'em ayenera kuimva. Wogwira J, 10, 7, 6 pa flop ya 9, 8, 2 sanapange kanthu, koma makhadi 20 mwa 45 otsala akhoza kumumalizira straight. Chizolowezi cha ku Hold'em chochulukitsa makhadi othandiza ndi 4 chimapereka 80 peresenti, pamene yankho loona ndi 69.7, popeza njira zotulutsira makhadi awiri omaliza ndi 990 ndipo 300 mwa izo sizithandiza. Mwa makhadi 20 aja, 14 okha ndi amene amapereka straight yapamwamba. Pa J, 10, 9 ndi khadi lachinayi losathandiza, pa flop ya 8, 7, 2 makhadi othandiza ndi 13, onse apamwamba, ndipo mwayi ndi 49.9 peresenti. Zinthu ngati zimenezi zinafunika theka la ola, osati mphindi zochepa anthu atayamba kale kuyang'ana nthawi poopa kuti matakisi a ku tauni awasiya.

Pa za malo, chipindacho n'chaukhondo koma n'chopanikiza, kuwala n'kochepa kwa munthu wa maso ofooka, ndipo pepala limene amapereka kuti upite nalo kunyumba linalembedwa m'Chingerezi ndi zilembo zazing'ono, chinthu chodabwitsa pa maphunziro amene mphamvu yake yonse ili m'Chichewa. Mowa saloleza, ndipo ine ndikugwirizana nazo.

Ndiyenera kuyamikira kuti aphunzitsi salonjeza aliyense kulemera, ndiponso amakana pamene ophunzira apempha kuti phunziro likatha aponye ndalama zenizeni patebulo. Amakumbutsa kuti ku South Africa juga imayendetsedwa ndi lamulo la National Gambling Act la 2004, kuti m'chigawo chino ziphaso zimaperekedwa ndi Gauteng Gambling Board kwa makasino monga Montecasino ku Fourways, Gold Reef City ndi Emperors Palace ku Kempton Park, ndiponso kuti wosakwana zaka 18 saloledwa. Amachenjezanso kuti poker ya pa intaneti yobetcha ndalama ndi yosaloledwa kuno, monga khoti la Supreme Court of Appeal linatsimikizira mu 2011 pa mlandu wokhudza kasino ya Piggs Peak ya ku Swaziland, dziko limene tsopano ndi Eswatini. Kwa mlendo amene mapepala ake okhalira m'dziko muno amafuna kuti asakhale ndi mlandu, chenjezo limeneli si laling'ono, ndipo masamu onse a pamwambawa sasintha mfundo yakuti kasino imadula gawo lake pa mphika uliwonse.

Amene apindule kwambiri ndi wosewera amene akudziwa kale malamulo a Hold'em, amakonda manja olumikizana, ndipo sanakhalepo pansi kuwerenga kuti manjawo amamenya kangati. Wongoyamba kumene, amene sanadziwe kuti flush imaposa straight, asokonezeka mu theka loyamba la ola, ndipo wodziwa kale kugwiritsa ntchito mapulogalamu owerengera mwayi pa kompyuta sapeza nambala yatsopano, ngakhale angakonde kuona mmene imapezekera ndi manja. Wopita atenge kope lakelake chifukwa mapepala a m'kalasi amatha msanga, akhale kufupi ndi bolodi, ndipo asanalipire afunse ngati phunziro la mitundu ya makhadi lingaphatikizidwe ndi ili pa mtengo umodzi.