Khoma lochotsedwa graffiti, pakapita miyezi

Tsiku limene akatswiri amaliza kuchotsa zolembalemba za penti yopopera, khoma limakhala lonyowa, ndipo khoma lonyowa limanama. Madzi amadetsa njerwa zonse mofanana, zotsalira n'kubisika. Ntchito yeniyeni imadziwika khomalo likauma, mvula ikalimenya kangapo, dzuwa n'kuliwomba. Nyumba imene tikunena ili ndi mbali ya njerwa zootcha, mbali ya pulasitala wopaka penti, chitseko cha aluminiyamu ndi mawindo. Papita miyezi tsopano, ndipo mbali iliyonse yaonetsa zake.

Nkhani yaikulu ili pa njerwa. Njerwa ili ndi timabowo, penti yopopera ndi yamadzimadzi, choncho imalowa mkati. Chigawo chapamwamba anachigwira mofatsa. Anayamba ayesa pakangodya kobisika, kenako anapaka mankhwala aphalaphala osungunula penti pakhoma louma, nawasiya mphindi 15 mpaka 20 osalola kuti aume, n'kukwecha ndi burashi ya nayiloni. Potsuka anagwiritsa ntchito madzi otentha madigiri 70 mpaka 80, mphamvu ya makina yochepa, kamwa yopopera yomwaza madzi, itatalikira khoma masentimita 30. Anabwereza kawiri. Pamenepo lero palibe chodandaula, kupatula mthunzi wa chilembo chimodzi chofiira umene umaoneka dzuwa likapendeka. Penti yofiira ndi yokanika ndithu, utoto wake umakakamira m'timabowo.

Chigawo cham'munsi ndiye anachita nacho changu. Anakweza mphamvu ya madzi n'kuyandikitsa kamwa yopopera, ndipo tsiku limenelo ndi pamene pankaoneka poyera kuposa ponse. Panopa ndi poipa kuposa ponse. Khungu lolimba la njerwa, lija limapangika pootcha, linasupuka. Ukapasisita ndi chala pamayoyoka fumbi lofiira, simenti ya m'mizere yakumbika, ndipo chifukwa pamamwa madzi msanga, pada ndi ndere. Choseketsa n'chakuti zilembo zija zikuwerengekabe: penti inachoka, koma amene ankatsuka ankatsatira chilembo chilichonse, mwakuti anachijambulanso pokumba njerwa. Izi sizikonzeka ndi mankhwala ayi. Kupopera mchenga kumawononga chimodzimodzi.

Mchere woyera unatuluka patapita masabata angapo, pamene anapaka mankhwala ochotsa mthunzi. Ambiri mwa mankhwala amenewa ali ndi potassium hydroxide, mankhwala aukali owauka pakhungu, ndipo akapanda kutsukuluzidwa mokwanira amasiya zoyera khoma likamauma. Madzi ochuluka olowa m'khoma nawonso amatulutsa mchere wa mu simenti. Umachoka ndi burashi youma. Burashi yawaya ayi, timawaya totsalira timachita dzimbiri n'kuthimbiritsa khoma.

Pa pulasitala sanavutike n'kuchotsa, anangopakapo penti ina, ndipo imeneyo ndi njira yoyenera chifukwa mankhwala akanasungunulanso penti ya nyumbayo. Pamene panali inki ya cholembera cha maka (marker) analumpha penti yoyamba yotsekera madontho, ndiye inkiyo yabowola penti imene anapaka kawiri n'kuonekeranso. Komanso anangopaka chigamba, ndipo penti yatsopano sisuluka mofanana ndi yakale. Akanapaka kuchokera pangodya kufika pangodya ina.

Chitseko chili bwino, popeza sanachikhudze ndi mankhwala aja ochotsa mthunzi, amene amadya aluminiyamu n'kuidetsa. Pagalasi penti inachoka ndi lumo. Zimene olembalemba anakalapo ndi msomali zilipobe, pofunika kupukutidwa ndi makina kapena kusintha galasilo.

Chomwe chabweza ndalama ndi chotetezera cha phula (longa la njuchi, osati la pamsewu) chimene anapaka pa njerwa zitauma. Olembalemba anabweranso, monga mwa nthawi zonse, koma penti yawo inakhala pamwamba pa phula ndipo inachoka ndi madzi otentha okha. Kungoti phulalo limachokera limodzi ndi pentiyo, choncho pamalo potsukidwapo pamafunika kupakanso nthawi yomweyo; ambiri amaiwala zimenezi. Chotetezera cha polyurethane, chonga vanishi wolimba, chimapirira kutsukidwa kambiri, koma pa njerwa zachinyezi chimatsekera madzi mkati, n'kuyamba kuyera ndi kumatuka. Musanalipire zonse, gwirizanani ndi akatswiriwo kuti adzabwere kudzaona khoma litauma, ndiponso alembe dzina la mankhwala ndi mphamvu ya madzi imene agwiritse ntchito pa mbali iliyonse.